PAMPHAMBANO YA MOYO: NTCHITO YA MLANGIZI WA MAKOLEJI PA SEKONDALE YA AYUDA KU AMERICA

Mwezi wa Sepitembala ukafika m'mizinda ya New York, Boston ndi Los Angeles m'dziko la America, ofesi imene imadzaza kuposa zonse pa sukulu ya sekondale ya Ayuda si ya mphunzitsi wamkulu ayi, koma ya mlangizi wa za makoleji. Pakhomo pake pamandanda anyamata ndi atsikana a zaka 17 kapena 18, ndipo lamya yake siileka kulira popeza makolo nawonso mitima imakhala ili m'mwamba.

Imeneyi ndiyo nyengo yopempha malo ku makoleji, ndipo tsoka lake n'lakuti imagwera pamodzi ndi zikondwerero zazikulu za Chiyuda. Chaka Chatsopano chotchedwa Rosh Hashanah chimatenga masiku awiri, tsiku losala kudya la Yom Kippur limatenga limodzi, ndipo chikondwerero cha misasa cha Sukkot pamodzi ndi masiku ake otsekera chili ndi ena anayi amene Myuda wosunga mwambo sagwira ntchito, salemba, ngakhale kukhudza kompyuta. Pa masiku asanu ndi awiriwo onjezanipo Sabata la mlungu uliwonse, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka mdima wa Loweruka. Chonsecho mafomu oyambirira amafunika kuti afike ku makoleji ambiri pa 1 Novembala, ndipo tsikulo silisuntha chifukwa cha chikondwerero cha munthu.

SUKULU YA MAPHUNZIRO AWIRI

Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa mu 2020 anapeza kuti ku America kuli Ayuda pafupifupi 7.5 miliyoni, ndipo mwa akuluakulu 10 alionse pafupifupi 6 anatsiriza maphunziro a ku koleji, pamene mwa anthu onse a m'dzikomo ndi atatu okha mwa 10. Ana ambiri a Ayudawa amaphunzira m'sukulu za boma monga anzawo onse. Komabe kalembera wa bungwe la AVI CHAI wa chaka cha sukulu cha 2018 mpaka 2019 anawerenga ana oposa 290,000 m'sukulu zoposa 900 za Chiyuda, kuyambira za mkaka mpaka sekondale.

Sukuluzi n'zosiyanasiyana. Zambiri n'za magulu okhwimitsa mwambo kwambiri, ndipo zina mwa izo sizilimbikitsa ana kupita ku yunivesite wamba. Nkhani ino ikunena za sukulu zimene zimafuna zonse ziwiri, chikhulupiriro ndi maphunziro a dziko. Zitsanzo zake zotchuka ndi Ramaz ya ku Manhattan, imene Rabbi Joseph Lookstein anaiyambitsa mu 1937, Maimonides ya kufupi ndi Boston, imene Rabbi Joseph Soloveitchik anaiyambitsa chaka chomwecho, ndi Yeshivah of Flatbush ya ku Brooklyn, ya mu 1927.

Wophunzira wa pa sukulu yotere amasenza mitolo iwiri kwa zaka zinayi, kuchokera giredi 9 mpaka giredi 12. Tsiku limayamba ndi mapemphero, kenaka amaphunzira Chihebri, Malembo ndi Talmud, mabuku akale a malamulo ndi zokambirana za akuluakulu a chipembedzo, amene mbali yake yaikulu inalembedwa m'Chiaramu. Pambali pa izi amaphunzira masamu, sayansi, mbiri ndi Chingerezi, ndipo kawirikawiri amaweruka dzuwa litapendeka kale. Pofika giredi 12 amakapikisana ndi ana a m'sukulu zina amene mphamvu zawo zonse anaziika pa mtolo umodzi. Ntchito yoyamba ya mlangizi tsono ndiyo kuonetsa makoleji kuti mtolo wachiwiriwo ndi maphunziro enieni, ofuna nzeru zakuya ndi khama.

CHILONDA CHAKALE

Munthu sangamvetse nkhawa ya makolo a Chiyuda pa nkhani ya makoleji asanadziwe zimene zinachitika zaka 100 zapitazo. Mu 1900 Ayuda anali 7 mwa ophunzira 100 alionse olowa pa Harvard. Ana a anthu obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya atayamba kukhoza mayeso olowera, chiwerengerocho chinafika pa 21 mu 1922. Mkulu wa yunivesiteyo, A. Lawrence Lowell, anafuna kuti paikidwe malire oti Ayuda asapitirire 15 mwa 100. Komiti ya aphunzitsi inakana ganizolo poyera mu 1923, koma chimene chinakanika pakhomo chinalowera pazenera. Kuyambira mu 1926 Harvard inachepetsa malo ndi kuyamba kusankha ophunzira poyang'ananso chimene ankachitcha khalidwe, ndipo pamene Lowell ankapuma mu 1933 Ayuda anali atatsikira pafupi ndi 15 yemwe uja.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Jerome Karabel, analongosola m'buku lake la mu 2005 lotchedwa The Chosen kuti zida zambiri zosankhira ophunzira pa Harvard, Yale ndi Princeton zinakhazikika m'zaka zimenezo. Makalata a umboni, kucheza ndi wopempha malo pamaso ndi pamaso, mafunso a mbiri ya banja, ndi kukondera ana a anthu amene anaphunzirapo kale, zonsezi zinathandiza kuchepetsa Ayuda popanda kulemba lamulo. Richard Feynman, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel pa sayansi, anakanidwa malo ku Columbia m'nyengo ya tsankholi, nakalowa ku MIT mu 1935. Ngakhale yunivesite ya Stanford inapepesa mu 2022 itapeza m'makalata ake akale kuti inkachepetsa dala Ayuda m'zaka za m'ma 1950.

Ayuda sanakhale manja lende. Ambiri anadzaza City College ya ku New York, imene inali yaulere mpaka 1976. Yeshiva College inatsegulidwa mu 1928, ndipo koleji yake ya atsikana, Stern College, inatsatira mu 1954. Mu 1948 anamanga Brandeis University ku Waltham, yotsegukira anthu a mitundu yonse, naitcha dzina la Louis Brandeis, Myuda woyamba kukhala woweruza m'Khoti Lalikulu la dzikolo. Malire a tsankho aja anazilala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, koma zida zija zinatsala. Lero mlangizi wa pa sukulu ya Ayuda amakhala usiku kulemba kalata ya umboni, chida chimene kale chinkatsekera agogo a anawo khomo, kuti chiwatsegulire adzukulu.

MMENE NTCHITO IMAYENDERA

M'mera mpoyamba, anatero akale. Mlangizi wodziwa ntchito amayamba kukumana ndi mwana ndi makolo ake mu giredi 11. Amaona malikisi a zaka zonse, amafunsa zimene mwanayo amakonda ndi zimene banja lingakwanitse, kenaka amakonza naye mndandanda wa makoleji wa magawo atatu: ovuta kulowako, oyenerana ndi malikisi ake, ndi ena oti n'zachidziwikire kuti akamulandira. Gawo lachitatuli ndilo ana onyada amalinyoza, ndipo ndilo mlangizi amaliumirira. Chifukwa chake n'choonekeratu. Mu 2022 Harvard inalandira mafomu oposa 61,000, koma inapereka malo kwa anthu osakwana 2,000, kutanthauza atatu okha mwa 100. Ambiri mwa okanidwawo anali oyamba m'makalasi mwawo.

Mafomu ambiri amadzera m'njira imodzi yotchedwa Common Application, imene inayamba mu 1975 ndi makoleji 15, ndipo tsopano makoleji oposa 1,000 amaigwiritsa ntchito. Wophunzira amalembamo mbiri yake, ntchito zimene amachita kunja kwa kalasi, ndi chimangirizo chosapitirira mawu 650 chonena za iye mwini. Aphunzitsi amatumiza makalata a umboni. Mlangizi amatumiza malikisi, kalata yakeyake, ndi chikalata chofotokoza sukuluyo. M'chikalata chimenechi ndimo amalongosola kuti ana ake amatenga maphunziro ochuluka kuposa a m'sukulu zina, pakuti makoleji ena powerengetsa malikisi amachotsa maphunziro a chipembedzo, ndipo thukuta la theka la tsiku likhoza kusowa pa pepala.

Pa chimangirizo pali mbuna imene ana ambiri amagweramo. Pakalasi imodzi, ana khumi akhoza kufuna kulemba za ulendo wawo wa ku Jerusalem kapena za agogo amene anapulumuka ku chipululutso cha Hitler. Nkhanizi n'zoona ndipo n'zolemera, koma wowerenga mafomu amafuna kumudziwa mwanayo, osati agogo ake. Choncho mlangizi amamubweza mobwerezabwereza kufikira atapeza chimene chili chakechake, ngakhale chikhale chaching'ono monga mmene anaphunzirira kutsutsana mwaulemu ndi mnzake powerenga Talmud awiriawiri. Chimene mlangizi woona sachita ndi kumulembera. Mlandu wa mu 2019, pamene Rick Singer anavomera kuti ankalandira ndalama kwa makolo olemera ndi kupereka ziphuphu kuti ana awo alowe m'makoleji otchuka, unaonetsa kumene njira yachidule imathera. Sukulu imene kalata yake yagwidwapo bodza imapweteketsa ana a zaka zotsatira, amene sanalakwe kanthu.

Palinso mayeso a dziko lonse. Mayeso a SAT, amene anayamba mu 1926, malikisi ake amalekeza pa 1600, ndipo a ACT amalekeza pa 36. Onse awiri amalembedwa Loweruka, tsiku limene wosunga Sabata sagwira cholembera. Eni mayesowo amalola otere kulemba tsiku lina, makamaka Lamulungu, koma pamafunika kupempha nthawi ikadalipo, ndipo malo olembera tsikulo ndi ochepa. Mliri wa COVID-19 utabuka mu 2020 makoleji ambiri analeka kukakamiza mayesowa, koma MIT inawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard zinalengeza zotero mu 2024. Mlangizi wodalira zimene ankadziwa dzana amasocheretsa ana.

Chosankha cholemera koposa ndi cha njira yotchedwa Early Decision. Wophunzira amapempha malo pa koleji imodzi mu Novembala, yankho amalandira pakati pa Disembala, ndipo akalandiridwa ayenera kupita kumeneko ndi kuchotsa mafomu ake kwina konse. Panganoli amasainira atatu: mwana, kholo ndi mlangizi. Pa makoleji ambiri mwayi wolowa mwa njirayi ndi wokulirapo, koma walira mvula walira matope, pakuti banja limataya mpata wofanizira chithandizo cha ndalama cha makoleji osiyanasiyana. Otsalawo amatumiza mafomu kumayambiriro kwa Januwale, mayankho amadza chakumapeto kwa Malichi, ndipo pofika pa 1 Meyi aliyense ayenera kukhala atasankha.

MAFUNSO AMENE ENA SAFUNSA

Kufikira apa ntchitoyi ikufanana ndi ya mlangizi wa pa sukulu ina iliyonse yapamwamba. Kusiyana kumayamba ndi funso lakuti: mwanayu akakadya chiyani? Malamulo a kosher amaletsa nkhumba ndi zam'madzi zopanda mamba, amafuna nyama yophedwa mwa mwambo, ndipo salola kusakaniza nyama ndi mkaka, ngakhale kuziphikira m'miphika imodzi. Koleji yopanda khitchini ya kosher, kaya ikhale yotchuka chotani, kwa mwana wosunga mwambo ndi zaka zinayi za chakudya cha m'zitini.

Mafunso ena amatsatira. Kodi tsiku ndi tsiku pamapezeka anthu khumi ofunika kuti mapemphero a gulu achitike? Kodi mayeso akagwa pa Yom Kippur aphunzitsi amalola kulemba tsiku lina? Kodi nyumba zogona zili pa mtunda woyenda pansi kukafika kopempherera, popeza pa Sabata sakwera galimoto? Ngakhale chitseko chimene chili ndi nkhani yake. Nyumba zogona zambiri masiku ano zimatsegulidwa ndi kadi yamagetsi, ndipo wosunga Sabata sagwiritsa ntchito magetsi tsikulo, motero pamafunika kudziwiratu ngati koleji imapereka kiyi wachitsulo.

Safunsa anadya phula. Mlangizi amalimbikitsa ana kuti asakhutire ndi zithunzi zokongola za m'timabuku ta makoleji, koma akagone kumeneko Lachisanu ndi Loweruka ndi kuona okha. Amawalumikiza ndi bungwe la Hillel, limene linayamba mu 1923 pa University of Illinois ndipo lili ndi nthambi pa makoleji mazanamazana, ndi nyumba za Chabad, ndiponso ndi ana akale a sukuluyo amene ali kumeneko, pakuti iwo sabisa kanthu. N'chifukwa chake mayina monga Maryland, Rutgers, Binghamton, Queens College, Penn ndi Brandeis amabwerabwera pa mindandanda ya sukuluzi. Ena amasankha Yeshiva University kapena Touro, kumene kalendala yonse imatsata zikondwerero za Chiyuda ndipo mafunso onsewa sabuka n'komwe.

CHAKA CHA KU ISRAEL

Pa sukulu zambiri za mtundu umenewu, mwana akatsiriza giredi 12 salunjika ku koleji. Mwambo umene wakula kuchokera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ndi wakuti ayambe wakakhala chaka chimodzi ku Israel, anyamata ku yeshiva, atsikana ku sukulu zawo za Malembo, ndipo ena ku ntchito zongodzipereka monga za Young Judaea Year Course, imene inayamba mu 1956. Motero mwana mmodzi amalemba mafomu a mitundu iwiri m'miyezi yomweyo, ndipo sukulu zina zili ndi alangizi apadera a za ku Israel.

Dongosolo lake n'lakuti mwanayo apeze malo ku koleji, apereke ndalama ya chikole, kenaka apemphe kuti amusungire malowo chaka chimodzi. Makoleji ambiri amavomera, ena amakana, ndipo ena amaika lamulo lakuti asakapemphe malo kwina m'chakacho. Zonsezi mlangizi ayenera kuzidziwa mafomu asanapite. Vuto lina n'lakuti munthu wa zaka 18 amasintha. Ena amabwerako ali okhwima pa chipembedzo kuposa makolo awo, nafuna chaka chachiwiri kapena kusiya koleji imene anaivutikira ndi kulowa Yeshiva University. Ena amatsalira komweko ndi kulowa usilikali. Mikangano yotere ya m'banja kawirikawiri imakathera mu ofesi ya mlangizi, ngakhale mwanayo anachoka kale pa sukulupo.

NKHANI YA NDALAMA

Makolo ambiri amafika pa giredi 12 matumba ataphwa. Sekondale za Chiyuda za ku New York zimalipiritsa madola zikwi makumi angapo pa chaka, ndipo mabanja osunga mwambo amakhala ndi ana angapo pa sukulu nthawi imodzi. Makoleji otchuka amene si a boma tsopano amadya madola oposa 80,000 pa chaka, kuphatikiza malo ogona ndi chakudya. Chithandizo chimapemphedwa pa fomu ya boma ya FAFSA, ndipo makoleji ena amafunanso ina yotchedwa CSS Profile, imene imafufuza chuma cha banja mozama. Makoleji olemera kwambiri ndiwo amapereka chithandizo chochuluka. Mu 2025 Harvard inalengeza kuti mabanja opeza madola osapitirira 200,000 pa chaka salipira fizi ya maphunziro. Koma banja lopeza bwino pang'ono, la ana anayi, likhoza kupezeka kuti n'lolemera pa pepala koma losauka m'thumba. Mlangizi wachilungamo amatchula nkhani ya ndalama poyamba penipeni, mwana asanaike mtima pa koleji imene idzamize banja lonse m'ngongole.

CHICHOKERE MU OKOTOBALA 2023

Pa 7 Okotobala 2023 gulu la Hamas linathira nkhondo kummwera kwa Israel ndi kupha anthu pafupifupi 1,200. Nkhondo imene inatsatira ku Gaza inapha Apalestina zikwi makumi ambiri, ndipo makoleji a ku America anawira ndi zionetsero. Pa 5 Disembala chaka chomwecho akuluakulu a Harvard, Penn ndi MIT anaitanidwa ku nyumba ya malamulo kukayankha za chidani cha pa Ayuda. Mayankho awo anakwiyitsa anthu ambiri, ndipo Liz Magill wa ku Penn anatula pansi udindo patangopita masiku anayi, Claudine Gay wa ku Harvard natsatira pa 2 Januwale 2024. Mu Epulo 2024 ophunzira anamanga mahema pabwalo la Columbia, apolisi analowa ndi kumanga ambiri, ndipo zionetsero zotere zinafalikira m'dziko lonse. Mwezi womwewo bungwe la Anti-Defamation League linayamba kupatsa makoleji malikisi pa nkhani yoteteza Ayuda, ndipo Brandeis inapeza A pamene Harvard inapeza F.

Zimenezi zinasintha zokambirana mu ofesi ya mlangizi. Nyuzipepala za ku New York zinalemba mu Ogasiti 2024 kuti kwa nthawi yoyamba pa zaka zoposa 20 panalibe mwana wa pa Ramaz wolowa Columbia College, imene ili mumzinda womwewo. Mabanja ena anatembenukira ku makoleji a kummwera monga University of Florida, Vanderbilt, Emory ndi Tulane.

Komabe Ayuda eni ake sagwirizana pa nkhaniyi. Ena amati mwana asatumizidwe kumene akachite mantha kuvala kachisoti ka chipembedzo chake. Ena amati agogo awo anamenyera nkhondo malo amenewo, ndipo kuwasiya ndiko kuchita mwaufulu chimene Lowell anafuna kuchita mokakamiza. Palinso ophunzira a Chiyuda amene anali nawo m'mahemamo, potsutsa nkhondo ya ku Gaza. Mlangizi sangagamule mlandu umenewu. Chimene angathe ndi kusiyanitsa mphekesera ndi zoona, kufunsa akuluakulu a makoleji mafunso olunjika, ndi kumudziwa mwana amene wakhala patsogolo pake: kodi ndi wolimba mtima pokangana, kapena ndi wofuna malo abata kuti aphunzire bwino?

MWAYI UMENE AMBIRI ALIBE

Bungwe la alangizi a m'sukulu ku America limati mlangizi mmodzi asapitirire ana 250, koma m'sukulu za boma mmodzi amasamala ana oposa 350, ndipo nkhani ya makoleji ndi gawo limodzi chabe la ntchito yake. Pa sekondale ya Chiyuda yolipira, mlangizi amakhala ndi ana ochepa, owadziwa mayina ndi makolo omwe. Mwayi umenewu ndi waukulu, koma uli ndi minga yake. Pa sukulu yaing'ono, pamene mabanja amapemphera pamodzi ndi kudyerana pa Sabata, aliyense amadziwa amene walandiridwa ndi amene wakanidwa, ndipo ana asanu a kalasi imodzi akhoza kulimbirana koleji imodzi. Makolo ena amayesa sukulu ndi kuchuluka kwa mayina otchuka pa mndandanda wa chaka ndi chaka, ndipo mlangizi amayesedwa kuti akondweretse mndandandawo m'malo mwa mwana.

Apa ndipo pamaonekera mlangizi weniweni. Iye amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndi kuti dzina la koleji silidyetsa munthu Lachisanu madzulo kapena kumupezera abwenzi. Kumapeto kwa Malichi, mayankho akafika, ntchito yake yaikulu imakhala ndi mwana amene wakanidwa ku koleji ya kumtima kwake. Amamukhazika pansi, natulutsa mndandanda uja wa mu giredi 11, ndi kumuonetsa kuti makoleji awiri kapena atatu a m'gawo limene ankalinyoza amulandira, imodzi ili ndi khitchini ya kosher ndi chithandizo cha fizi, ndipo tsiku la 1 Meyi likadali kutsogolo.